Bondo Latsopano: Ndi Simenti Kapena Popanda Simenti?

M'midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba muli agogo ambiri amene anasiya khasu, ndipo pa Misa sathanso kugwada, cifukwa ca maondo. Kawirikawiri gwero lake ndi nyamakazi. Cicerewecere cimene cimakuta nsonga za mafupa cimatha pang'onopang'ono, mafupawo n'kuyamba kukhulana. Mankhwala ndi ndodo zikalephera, dokotala angachule opaleshoni yoika bondo la citsulo ndi pulasitiki. Apa m'pamene banja limamva mau odzidzimutsa akuti "simenti".

Simenti imeneyi si ya amisiri omanga nyumba ai. Ndi phala la pulasitiki limene Sir John Charnley wa ku England analichukitsa ca m'ma 1960 poika ziuno zopanga. Phalali limalowa m'timibowo ta fupa, ndipo pakapita mphindi 10 kapena 15 limauma gwa, citsulo citagwira kale.

Njira yaciwiri sifuna simenti. Citsulo cake cili ndi timibowo tambirimbiri ku mbali yokhudza fupa. Dokotala amacikhomera mothina, kenaka fupa limamera m'timibowomo pa milungu 6 kufikira 12, monga mizu ya mtengo igwirira nthaka.

Nanga yopambana ndi iti? Yankho lili m'fupa la wodwalayo. Fupa la munthu wokalamba, makamaka mai amene anasiya kusamba, limakhala lofooka ndipo silimera msanga. Pamenepo simenti ndiyo yodalirika, ndiponso yayesedwa zaka zambiri. Munthu wocepako msinkhu, wa mafupa olimba, angayenere njira yaciwiri. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti maondo opanga 82 mwa 100 alionse amakhala akugwirabe nchito patapita zaka 25.

Ulendo umayambira pafupi: pa cipatala ca mishoni ca Minga, ca Kalindawalo, kapena ca boma ca Nyimba, kumene wodwala amapimidwa ndi kupatsidwa kalata yopita nayo kwa akatswiri a mafupa. Ambiri a akatswiriwa ali ku Lusaka, monga pa University Teaching Hospital ndi pa cipatala ca mafupa ca Akatolika ca St John Paul II. Mukakafika kumeneko musacite manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Funsani kuti mafupa a agogo ali bwanji, adzagwiritsa njira iti, ndipo mudzabwereranso liti.

Njira iliyonse imene angasankhe, nchito yaikulu imatsalira banja. Wodwala ayenera kupinda ndi kuongola bondo tsiku ndi tsiku ngakhale likupweteka, ndipo bala likatupa, kutentha kapena kucuca, athamangire naye ku cipatala. Ambiri amayendanso bwino, koma kugwada kumakhalabe kovuta. Tsono agogo akamapemphera ali cikhalire pa benci, tisawaone ngati acepa cikhulupiriro. Tiyamike Mulungu kuti afika okha ndi miyendo yao.