MLANDU WA NCHAFU ZA NKHUKU KU SOUTH AFRICA

Anthu ambiri a ku America akagula nkhuku amafuna nganga yokha. Nchafu ndi miyendo sazifuna kwenikweni. Motero makampani a kumeneko amapeza phindu lao pa nganga, ndipo zotsalazo amaziumitsa m'mafiriji nazitumiza kutsidya kwa nyanja pa mtengo wotsika ndithu. Pa nchafu zimenezi ndipo panabuka mlandu umene wasautsa dziko la South Africa kwa zaka zoposa makumi awiri.

M'malonda a pakati pa maiko, kugulitsa katundu kunja pa mtengo wocepera umene amagulidwira kwao, kapena wosafika pa ndalama zimene zinamwazidwa pomukonza, kumadziwika ndi dzina la Cingelezi lakuti dumping, ndiko kunena kutayira katundu pa msika wa eni. Dziko la Canada ndilo linayamba kupanga lamulo loletsa mcitidwe umenewu m'caka ca 1904. Pangano la GATT la 1947, ndiponso malamulo a bungwe la WTO limene Zambia analowamo mu 1995, amalola Boma kuika msonkho wapadera pa katundu wotere. Koma kuchipa kokha si mlandu ai. Boma liyenera kufufuza ndi kuonetsa umboni wakuti mtengowo ndi wotayira, ndi kuti ndiwo ukupweteka mafakitale kapena alimi a m'dzikomo.

South Africa anacita zimenezi mu 2000, naika msonkhowo pa nyama ya nkhuku yamafupa yocokera ku America. Kwa zaka 15 nchafu za ku America zinasowa m'masitolo, ndipo oweta nkhuku anapumako.

Koma a America anali ndi ndodo m'manja. Lamulo lao la AGOA linali kulola malalanje, vinyo ndi magalimoto a ku South Africa kulowa m'dziko lao popanda msonkho. Mu Juni 2015, pa msonkhano wa ku Paris, South Africa anavomera kuti matani 65,000 a nkhuku azilowa caka ciri conse popanda msonkho wapaderawo. Ndipo pamene zinthu zinacedwa cifukwa ca mikangano ya matenda a nkhuku, Pulezidenti Barack Obama anacenjeza mu Novembala caka comweco kuti adzacotsa mwai wa AGOA pa zokolola za ku South Africa. Nchafu zinayamba kufika kumayambiriro kwa 2016. Lamulo linali kumbali ya South Africa, koma mlimi wa malalanje sakadalolera kutaya msika wace cifukwa ca mlimi wa nkhuku.

Bvuto lina linali m'nyumba mwenimweni. Nkhuku ndiyo nyama imene mabanja osauka a ku Soweto ndi m'makomboni ena amaikwanitsa, ndipo msonkho uli wonse umakafika pa mbale yao. Mu Ogasiti 2022, bungwe lofufuza la ITAC litapeza kuti makampani a ku Brazil, Denmark, Ireland, Poland ndi Spain anali kutayira nkhuku zao, Nduna ya za Malonda, Bambo Ebrahim Patel, anabvomereza zimene linapezazo, koma anaimitsa msonkhowo kwa miyezi 12 poona kukwera kwa mitengo ya zakudya. Oweta nkhuku anadandaula kuti nchito za anthu zidzatha. Oitanitsa katundu anasangalala. Msonkhowo unadzayamba kugwira nchito mu Ogasiti 2023.