Akavalo a ku Kande ndi Ng'ombe za Agogo

Kale, magulu a banki m'khonde a ku Ching'ambo, mumzinda wa Mzuzu, akamagawana ndalama kumathero a chaka, nkhani inali ya feteleza, malata ndi fizi ya ana basi. Koma zaka zino kwabuka chizolowezi china, chakuti mabanja ena, ngakhale a m'nyumba za lendi za m'mphepete mwa dambo, amapatulako kangachepe kuti ana akaone dziko pa tchuthi cha Khirisimasi. Ambiri amathera pamchenga wa ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche. Banja limene ndinatsagana nalo ine linapitirira kufikira ku Kande, kumene kuli khola la akavalo okweza alendo.

Malonda otere anakulira kutali, ku Wyoming ndi ku Montana m'dziko la America, kumene chisanu cha 1886 ndi 1887 chitapha ng'ombe zosawerengeka, eni makola ena anayamba kudalira anthu a m'mizinda olipira kuti agone pafamu, akwere akavalo, ndi kuthandiza abusa kukusa ziweto. Kwathu kuno kavalo ndi wosowa, pakuti kashembe ndi nthenda zina sizimleka kuswana, ndipo okwerapo ambiri anamkwerera kumapiri ozizira, monga ku Zomba kapena ku Chelinda pa Nyika.

Bambo wa banja limene ndinatsagana nalo lija ndi mphunzitsi, mayi amagulitsa kaunjika mumsika wa Mzuzu, ndipo mwa ana awo atatu wondigwira mtima anali wapakati, mtsikana wa zaka 9, amene chibadwire sanakhudzepo nyama yoposa mbuzi. Atatsika mapiri a Kandoli, nadutsa m'mitengo ya labala momwe anyamata amagulitsira mipira m'mbali mwa msewu, mwanayo analankhula kosalekeza. Koma pamene anafika ku Kande naima pamaso pa kavalo, chinyama chofiira chimene mphuno zake zinali kufwenthera ndi khungu lake kunjenjemera pothamangitsa ntchentche, mawu onse anamthera, nagwira chitenje cha amake ndi manja awiri. Wosamalira akavaloyo, mnyamata wa Chitonga wodekha mtima, sanamkakamize. Anam'patsa udzu kuti atambasule dzanja, namuuza kuti asafumbate zala, ndipo milomo yofewayo itatola udzu pachikhato chake, mwanayo anaseka misozi ili m'maso. Dzuwa likupendeka anam'chotsera kavaloyo chishalo, namtsogolera kunyanja mwana ali pamsana, kufikira madzi anafika m'mawondo a wokwerayo, iye atakumbatira khosi, amake ali kumtunda kuitana dzina la Mulungu.

Koma ulendowu unasiya mlandu, ndipo mlanduwo sunathe kufikira lero. Atate ake a mphunzitsiyo, nkhalamba ya ku Euthini yokhala ndi ng'ombe zake, anatumiza mawu owawa: kuti mwana wawo wapereka ndalama kwa alendo kuti adzukulu akhudze chiweto, pamene khola la makolo lili chitsegukire, laulere, ndiponso likusowa abusa. Ndipo nkhalambayo sinanene zopanda mutu, pakuti Disembala ndiyo nyengo imene chimanga chamera, ng'ombe sizingasiyidwe zokha monga m'chilimwe, ndi zapagoli zili pantchito m'munda. Iwo akuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mdzukulu wosadziwa dzina la ng'ombe imene inalowola amake adzakhala mlendo pamaliro a agogo ake.

Mayi wa anawo, amene ndalamazo zinali thukuta lake la miyezi 12, anayankha mwaulemu wa mkamwana, koma osabwerera m'mbuyo. Akuti ana ake akapita kumudzi samapumula: mnyamata amagwira mkwapulo kuyambira mame kufikira madzulo, atsikana amathera kuchitsime ndi pamtondo, ndipo kukhola saloledwa n'komwe, popeza mwambo wa kumeneko umaika ng'ombe m'manja mwa amuna. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero. Ine ndikamva mawu amenewa ndimakumbukira nkhope ya mtsikana uja m'madzi, ndipo mtima wanga umapendekera kwa amake. Komabe sindingathe kupeputsa chisoni cha nkhalamba imene yasunga chambiko m'chikho masiku atatu, kuyembekezera adzukulu amene sanabwere. Mphunzitsiyo, wopanikizika pakati pa atate ake ndi mkazi wake, walonjeza kuti tchuthi cha Pasaka onse adzakwera ya ku Euthini.

Sabata yatha ndinadutsanso ku Ching'ambo mvula itangokata, njira zili matope okhaokha, anyamata a sakaramento, onyamula anthu panjinga, akukankha njinga zawo m'malo mozikwera. Kuseri kwa nyumba ina ana anali ataunjikana pa dongo la m'dambo, kuumba ng'ombe zamalinunda monga tinkachitira ife. Ndipo pakati pa ng'ombezo panaima chinyama chimodzi chopanda nyanga, chakhosi lalitali, chimene anachisomeka ulusi wa thumba la feteleza kuti ukhale mchira.