Kupanganso bangwe mawu ake asanazilale

Ku Kadoma ndi ku Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kuli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny. Gule wamkulu adabwera naye, ndipo akuvinidwabe chifukwa ndi wa gulu. Choimbira cha munthu mmodzi, monga bangwe, chilibe mwayi wotere: woimba akamwalira, luso limapita naye.

Bangwe ndi thabwa lobooledwa nsonga zonse ziwiri. Waya mmodzi wautali amapisidwa m'mabowomo mobwerezabwereza kufikira atapanga nsambo 7 kapena kuposerapo, ndipo chikho kapena chitini chimakuza mawu. Kusema nkosavuta. Chovuta ndi kudziwa makungidwe a nsambo ndi kakhwayidwe kake.

Anthu a ku Ireland adaliona vutoli. Zeze wawo wakale wa nsambo za mkuwa ankaimbidwa ndi zikhadabo. Mu 1792 ku Belfast, Edward Bunting adalemba nyimbo za oimba okalamba, ndipo mmodzi wa iwo, Denis Hempson, adamwalira mu 1807. Kenaka maimbidwewo adazilala. Amisiri a lero amayeza zeze wosungidwa ku Trinity College ku Dublin ndi kusema wina wofanana naye, koma palibe amene adamva mawu a oimba akalewo.

Bangwe ali ndi mwayi woposa pamenepa. Hugh Tracey adajambula oimba bangwe ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo nyimbozo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University.

Chitsanzo china chili ku Bulawayo. M'zaka za m'ma 1960, sukulu ya Kwanongoma idayamba kupanga karimba imene Jege Tapera adaiphunzira ku Tete. Mbira ya mano 15 imeneyi, yotchedwa nyunga nyunga, idafalikira m'masukulu. Komabe choimbira chikapangidwa chambiri chimakungidwa mofanana, pamene woimba wa kumudzi amakunga molingana ndi mawu ake.

Choncho mmisiri wa ku Kadoma kapena Chegutu wofuna kupanganso bangwe ayambe wamvetsera zojambulidwazo ndi kufunsa okalamba amene adamuimbapo. Akatero, asema thabwa akudziwa mawu amene akuwafuna.