Mtumiki Wa Makina Ndi Mau A Pa Cipangizo

Munthu watsopano pa mgodi sapatsidwa cipangizo tsiku loyamba ndi kuuzidwa kuti atsike naco pansi. Ayamba waona m'mene anzace acigwirira, afunsa kapitao, ndipo akalakwa alipo womdzudzula. Koma masiku ano kuli anchito ena amene alibe mnzao womuonera. Awa ndiwo makina a nzeru ochulidwa AI, amene atumidwa kucita nchito pa kompyuta, monga kufuna makalata, kuwerengera ndalama ndi kukonza mapulogalamu. Makina otumidwa cotere tingawachule mtumiki.

Mtumiki ameneyu agwira nchito ndi zipangizo, ndizo timapulogalamu tocita cinthu cimodzi cimodzi. Iye sacita kuciona cipangizo. Cimene alandira ndico mau olembedwa: dzina la cipangizo, kulongosola kwa nchito yace, ndi mndandanda wa zimene cifuna kupatsidwa. Mu November 1924 panalibe zotere, koma zaka zana pambuyo pace, mu November 2024, kampani ya Anthropic ya ku San Francisco inatulutsa pangano lochulidwa Model Context Protocol, kapena MCP, lonena m'mene zipangizo ziyenera kudzidziwitsira kwa mtumiki. Ndipo mu March 2025 kampani ya OpenAI inalilandiranso. Tsono mau akakhala opotoka, nchitonso ipotoka, ngakhale cipangizo ciri cabwino.

Oyesa mau amenewa afunsa mafunso anai. Loyamba: kodi mauwo anena cimene cipangizo cicita, ndi nthawi imene siciyenera kugwiritsidwa nchito? Zipangizo ziwiri zikafanana maina, mtumiki angatenge cina m'malo mwa cinzace.

Laciwiri: kodi miyeso yachulidwa? Mau akangoti "mtengo", osanena ngati ndi makwacha kapena mangwee, mtumiki angolota. Ngozi ya miyeso si yaing'ono. Mu September 1999 bungwe la NASA linataya combo cace ca Mars Climate Orbiter, cifukwa pulogalamu imodzi inapereka manambala m'miyeso ya mapaundi, pamene inzace inayembekeza miyeso ya metiriki.

Lacitatu: kodi mauwo acenjeza? Cipangizo cofafaniza kapena cotumiza ndalama ciyenera kunena poyera kuti cocitikaco sicibwerera. Ndipo cikalephera ciyenera kulongosola colakwa ndi makonzedwe ace, osati kupereka nambala cabe.

Lacinai: kodi mauwo ali oona? Mu April 2025 akatswiri a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu woipa akhoza kubisa malamulo m'kati mwa mau olongosola cipangizo. Mwini kompyuta sawaona, koma mtumiki awawerenga nawamvera, nkutumiza zinsinsi za mbuye wace kwa mlendo. Cifukwa cace woyesa ayenera kuwerenga mau onse amene mtumiki alandira, ndi kudziwa amene anawalemba.

Komatu kuwerenga kokha sikukwanira. Wolemba malangizo adziwa kale cipangizo cace, motero saona zimene wasiya. Maso ace adzaza mipata osazindikira. Muyeso weniweni ndiwo nchito. Oyesa apatsa mtumiki nchito zambiri zonga zenizeni, nawerenga kuti wakhoza zingati, wasankha cipangizo colakwa kangati, wabwereza kangati. Atatero ayang'ana mbiri ya mayendedwe ace kufikira atapeza pamene anapunthwa. Pomwepo asintha mau, nampatsanso nchito zomwezo, pamodzi ndi zina zatsopano, kuti aone ngati kusinthako kwathandizadi.

Citsanzo ca ici cinalembedwa ndi a Anthropic mu December 2024. Pokonza mtumiki wao kuti ayesedwe pa mayeso a kukonza mapulogalamu ochulidwa SWE-bench, anataya nthawi yambiri pa zipangizo koposa pa malamulo akuru a mtumikiyo. Anaona kuti iye anali kusokera pofuna mafailo ndi keyala yacidule, atacoka pamalo pamene anayambira. Tsono anasintha cipangizo kuti cizilandira keyala yathunthu yokha, ndipo kusokerako kunatha. Apa paoneka kuti nthawi zina mayeso asonyeza kuti cofunika kukonza ndico cipangizo comwe, si mau okha ai.

Nkhani iyi ikhudza ngakhale munthu amene sanalembepo pulogalamu. Kulikonse kumene mtumiki wotere adzapatsidwa buku la malipiro kapena makalata a anthu, liu limodzi losowa lingacepetse malipiro a munthu, kapena kutumiza kalata yace kwa wina. Motero funso loyenera kufunsa eni makina si lakuti mtumikiyo ali wanzeru motani cabe, komanso lakuti ndani analemba mau a pa zipangizo zace, ndipo anayesedwa pa nchito zingati asanakhulupiridwe.