Simon Nkoli: Adamumangira lendi, adatuluka ndi nkhondo ina

Loweruka pa 13 Okutobala 1990, anthu pafupifupi 800 adasonkhana ku Braamfontein, mkati mwa mzinda wa Johannesburg m'dziko la South Africa. Ena mwa iwo adali atavala timatumba ta mapepala kumutu, ataboola timabowo tiwiri toonera njira. Ankaopa kuti bwana wa kuntchito, mwini nyumba kapena mayi awo owabereka angawazindikire pachithunzi cha m'nyuzipepala.

Ulendo uli mkati kudagwa mvula. Mapepala aja adanyowa n'kuyamba kung'ambika, ndipo ambiri adangowataya n'kupitiriza kuguba nkhope zili poyera.

Aka kadali koyamba mu Africa muno kuti amuna okondana ndi amuna anzawo, komanso akazi okondana ndi akazi anzawo, ayende pamsewu masanasana kuuza dziko kuti alipo. Mmodzi mwa omwe adatsogolera ndi Simon Tseko Nkoli, bambo wa zaka 32. Iye sadavale kathumba. Zobisala adali atathana nazo kalekale, ndipo adathana nazo pamalo povuta: m'ndende, pakati pa anzake a ndale, pamlandu womwe chilango chake chikadatha kukhala chingwe.

Makolo m'kabati

Nkoli adabadwa pa 26 Novembala 1957 ku Phiri, limodzi mwa madera a Soweto. A mfunda wa Phiri asanyade msanga, chifukwa m'Chisotho, chiyankhulo cha kwawo kwa Nkoli, mawuwa amatanthauza fisi. Ubwana wake wina adauthera pafamu ya mzungu ku Free State komwe ankakhala ndi agogo ake, kenako adakakhala ndi mayi ake ku Sebokeng, kummwera kwa Johannesburg.

Agogo omwe adapita ku Wenela kapena ku Theba akudziwa za pasi, kabuku komwe munthu wakuda ankayenera kuyenda nako. Popanda chidindo choyenera, munthu ankagona m'chitokosi chifukwa chongopezeka m'tauni. Nkoli adalemba yekha kuti ali mwana, apolisi ofufuza mapasi atafika pakhomo, iye adatsekera makolo ake m'kabati ya zovala n'kuwauza apolisiwo kuti kulibe munthu. Atakula ankati kubisa chomwe uli kumafanana ndi kabati ija: umapulumukamo ndithu, koma mulibe mpweya.

Atawauza mayi ake kuti iye amakonda amuna anzake, pakhomo padali chipwirikiti. Mayiwo adachita zomwe makolo ambiri angachite. Adapita naye kwa asing'anga, osati mmodzi, adapita naye kwa abusa, ndipo potsiriza kwa dokotala wa zamaganizo. Malinga ndi Nkoli, dokotalayo sadapeze matenda. M'malo mwake adamupatsa nzeru ya momwe angakhalire nyumba imodzi ndi bwenzi lake, yemwe adali mzungu: anamizire kuti ndi wantchito wa m'nyumba. Lamulo linkaletsa wakuda kukhala m'dera la azungu, pokhapokha ngati akuwaphikira ndi kuwachapira.

Mtauni namo zinthu sizidali zophweka. Mu 1983 adalowa bungwe la Gay Association of South Africa, mwachidule GASA, lomwe ambiri adali azungu. Zisangalalo za bungweli nthawi zina zinkachitikira m'malo omwe wakuda sankaloledwa kupondamo. Iye adaona kuti anthu omwe ankadandaula kuti akusalidwa nawonso ankamusala, ndipo adayambitsa kagulu ka anthu akuda kotchedwa Saturday Group.

Lendi ya ku Sebokeng

Komatu chomwe chidamugwetsa m'manja mwa apolisi si chikondi. Ndi lendi.

Nkoli adali mtsogoleri m'bungwe la ophunzira la COSAS komanso ankagwira ntchito ndi Vaal Civic Association, bungwe la anthu okhala m'makomboni a chigawo cha Vaal. Nthawi imeneyo boma la azungu lidali litaika makhonsolo a anthu akuda m'makomboni, koma osawapatsa ndalama zokwanira. Makhansala, omwe adasankhidwa ndi anthu ochepa chabe popeza ambiri adanyanyala chisankho, adalibe kolowera kwina koposa m'matumba a anthu osauka. Khonsolo ya Lekoa, yomwe inkayang'anira Sebokeng, Sharpeville ndi makomboni ena, idakweza lendi ya nyumba.

Pa 3 Seputembala 1984 anthu adakana kupita kuntchito, ana osapita kusukulu, ndipo adaguba kupita kumaofesi a khonsolo. Zidafika pa mwana wakana phala. Apolisi adaombera anthu, nyumba ndi magolosale a makhansala zidatenthedwa, ndipo makhansala angapo adaphedwa, kuphatikizapo wachiwiri kwa meya. Mwezi wotsatira boma lidatumiza asilikali ndi apolisi 7,000 kukasecha khomo ndi khomo ku Sebokeng.

Nkoli adamugwira mwezi womwewo wa Seputembala ali pamaliro. Adamuphatikiza ndi anthu ena 21 pamlandu woukira boma ndi kupha, womwe udatchuka ndi dzina la Delmas, katauni ka alimi komwe boma lidakauzengera, kutali ndi makamu a mumzinda. Pagululo padali akuluakulu a United Democratic Front monga Mosiuoa Lekota, Popo Molefe ndi Moses Chikane. Ena mwa maloya awo adali Arthur Chaskalson ndi George Bizos, omwenso adali nawo pamlandu wa Nelson Mandela zaka 20 m'mbuyomo.

M'ndendemo ndi momwe mudabuka nkhani. Anzake atayamba kuyankhula monyoza za amuna okondana okhaokha, Nkoli adalephera kupirira ndipo adawauza kuti naye ndi mmodzi wa anthu omwe akuwanyozawo. Ena adakhumudwa kwambiri. Padali oti mlandu wake uzengedwe padera, poopa kuti boma ligwiritsa ntchito nkhaniyi kuipitsa mbiri ya gulu lonse. Mantha awo sadali opanda pake, chifukwa nthawi imeneyo kugonana amuna okhaokha udali mlandu m'dzikolo, ndipo boma latsankho silinkasowa njira zonyozetsera adani ake.

Mkangano udatenga nthawi. Koma anthu 22 omwe akudyera mbale imodzi, kuwerenga mulu umodzi wa mapepala a mlandu ndi kuopa chingwe chimodzi sangathawane. Pang'onopang'ono anzakewo adazindikira kuti munthu yemwe akufuna kumutaya ndi yemweyo adaguba nawo ku Sebokeng. Mlandu udakhalabe umodzi. Patapita zaka, Lekota, yemwe adadzakhala nduna ya zachitetezo kuyambira 1999 mpaka 2008, adavomera poyera kuti kukhala ndi Nkoli m'ndende kudasintha maganizo ake.

Amene adamukhumudwitsa zedi ndi a GASA, omwe adati bungwe lawo silichita ndale ndipo sadamuthandize. Chithandizo chidachokera kunja. Makalata ankabwera kuchokera ku Britain, Canada ndi Netherlands, ndipo ku Toronto anthu adakhazikitsa komiti yotchedwa dzina lake. Mu 1987 bungwe la padziko lonse la ILGA lidaimitsa GASA. Chaka chomwecho Thabo Mbeki, ali kunja kwa dziko ngati mkulu wofalitsa nkhani za ANC, adalembera kalata Peter Tatchell wa ku London yotsimikiza kuti chipanicho chikutsutsana ndi tsankho la mtundu uwunso.

Nkoli adatuluka pa belo mu 1987 ndipo mu Novembala 1988 bwalo lidamupeza wosalakwa. Lekota, Molefe ndi Chikane adawagamula kukaseweza jere, koma bwalo la apilo lidawamasula mu Disembala 1989.

Hillbrow ndi KwaThema

Johannesburg yomwe Nkoli adaipeza atatuluka idali ikusintha. Ku Hillbrow, dera la nyumba zosanjikizana lomwe pa lamulo lidali la azungu, anthu akuda adali atayamba kuchita lendi mwakabisira. Kumeneko kudali bala yotchedwa Skyline, komwe anyamata ochokera ku Soweto ndi makomboni ena ankakumana. Kwa munthu yemwe sabata yonse wakhala akunamiza azakhali ake kuti mkazi womanga naye banja akumufunafunabe, maola ochepa a Loweruka usiku adali mpumulo waukulu.

Ku KwaThema, komboni ya pafupi ndi tauni ya Springs, kudali mayi wina wodziwika ndi dzina loti MaThoko. Nyumba yake yaing'ono idali shabini komanso pothawira achinyamata omwe makolo awapirikitsa. Kabokosi kake ka makalata ndi komwe ambiri ankalandirirako makalata omwe sakadayerekeza kuwalandirira kwawo.

Ndi anthu ngati amenewa omwe Nkoli, Beverley Ditsie, Linda Ngcobo ndi anzawo adayamba nawo bungwe la GLOW mu 1988. Silidali bungwe la misonkhano yokhayokha. Linkachititsa madansi ndi mpikisano wa chiphadzuwa wotchedwa Miss GLOW, momwe anyamata ankatchena madiresi ndi nsapato za gogoda. Wina atha kuziona ngati zachibwana, koma omwe adabwera kudzavina ndi omwewo adadzaguba mu 1990. Patsiku la timatumba lija Nkoli adauza khamulo kuti iye ndi wakuda komanso amakonda amuna anzake, ndipo sangazigawe ziwirizi n'kunena kuti nkhondo iyi ndi yaikulu, inayi idikire.

Ubale wake ndi ANC sudali wa uchi ndi mkaka nthawi zonse. Mu 1991, pamlandu wa Winnie Mandela wokhudza kubedwa kwa anyamata anayi, omuikira kumbuyo ankati mayiyo adawachotsa anyamatawo m'nyumba ya m'busa wina pofuna kuwateteza kumchitidwe wa amuna okhaokha. Panja pa khoti ena adanyamula zikwangwani zoti zimenezi si chikhalidwe cha anthu akuda. GLOW idalembera ANC kalata yodandaula. Kudzudzula mkazi wa Mandela chaka chimenecho kunkafuna chiwindi.

Koma zomwe zidafesedwa ku Delmas zidamera. Malamulo aakulu a South Africa a 1996 adakhala oyamba padziko lonse kuletsa kusala munthu chifukwa chakuti amakonda mwamuna kapena mkazi mnzake. Pa 9 Okutobala 1998 bwalo loona za malamulo aakulu lidathetsa lamulo lakale lomwe linkamanga amuna otere. Mkulu wa bwalolo panthawiyo adali Arthur Chaskalson, loya wa ku Delmas uja.

Nkoli adachiona chigamulocho ali wodwala. Iye adali mmodzi mwa amuna akuda oyambirira kuulula poyera kuti ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ankaphunzitsa anthu za Edzi m'makomboni kudzera mu Township AIDS Project, masiku omwe ngakhale pamaliro dzina la matendawa silinkatchulidwa. Adamwalira pa 30 Novembala 1998, patangopita masiku anayi atakwanitsa zaka 41. Mankhwala otalikitsa moyo adalipo kale kumaiko olemera, koma mtengo wake sukadatheka kwa munthu wamba. Patatha masiku khumi, pa 10 Disembala, mnzake Zackie Achmat ndi ena adakhazikitsa Treatment Action Campaign, bungwe lomwe lidalimbana ndi makampani a mankhwala komanso boma mpaka ma ARV adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, chaka chomwenso Malawi idayamba kugawa mankhwalawa mwaulere m'dziko lonse.

Lamulo lolola amuna kapena akazi okhaokha kukwatirana ku South Africa lidayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006, zaka zisanu ndi zitatu ndendende chimwalirireni Nkoli.

Pa kanema ndi pamsewu

Mabanja omwe ankatsatira sewero la Generations pa kanema akukumbukira phokoso la mu 2009 pomwe Senzo ndi Jason adapsompsonana. Ena adathimitsa kanema, ena adathamangitsa ana pabalaza, koma mawa lake nkhani m'maminibasi idali yomweyo. Somizi Mhlongo, yemwe ambiri adamuona koyamba ali mnyamata mufilimu ya Sarafina! ya 1992, adadzakhala woweruza pampikisano wa oimba wa Idols kuyambira 2015, osabisa chomwe ali. Nkoli mwini wake adamupangira filimu Beverley Ditsie yotchedwa Simon and I, ndipo mu Novembala 2023 ku Market Theatre mu Johannesburg adaonetsa sewero la nyimbo ndi magule lofotokoza moyo wake, lomwe nyimbo zake adapeka Philip Miller.

Komabe lamulo ndi kanema zidathamanga kusiya msewu m'mbuyo. Mu Epulo 2008, Eudy Simelane, yemwe adasewererapo timu ya mpira ya dziko ya Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake, adagwiriridwa ndi kuphedwa mwankhanza. Izi zidachitikira ku KwaThema, komboni yomwe ija ya MaThoko.

Nkhani ya Nkoli idakhudzako Malawi mwanjira yomwe iye sakadaiganizira. Mu Disembala 2009 apolisi ku Blantyre adamanga Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga atachita chinkhoswe. Pa 20 Meyi 2010 bwalo lidawagamula zaka 14 aliyense, koma pa 29 Meyi mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adawakhululukira pomwe mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, adali m'dziko muno. Chimbalanga, yemwe amadziona ngati mkazi ndipo ambiri ankamutchula kuti Aunt Tiwo, adalephera kukhala mwamtendere kwawo ndipo adathawira ku Cape Town, pansi pa malamulo omwe mnyamata wa ku Sebokeng uja adawamenyera nkhondo. Kumenekonso adakumana ndi omumenya pamsewu.

Pa 28 Juni 2024, majaji atatu a bwalo loona za malamulo aakulu ku Blantyre adakana pempho loti ndime za malamulo a Malawi zoletsa kugonana amuna okhaokha zithetsedwe. Iwo adati ofuna kuti ndimezo zisinthe akagogode ku Nyumba ya Malamulo.