Kodi mumadziwa? Kapu, chigoba ndi sikelo

Ku Chitipa, kuyambira m'mapiri a Misuku mpaka ku Nthalire ndi ku Kameme, nyemba ndi mbewu zina za m'gulu lake zimayezedwa ndi kapu, mbale, chigoba kapena ndowa. Koma mitengo yomwe Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse imawerengedwa pa kilogalamu. Mlimi amene sadziwa kulumikiza miyezo iwiriyi ndiye amaluza.

Kodi mumadziwa kuti kapu siyeza kulemera? Imangotiuza malo omwe chinthu chatenga. Madzi okwana lita imodzi amalemera kilogalamu imodzi, koma mphodza zouma zodzaza lita yomweyo zimalemera pafupifupi magalamu 800, chifukwa pakati pa njere pamatsala mipata.

Kodi mumadziwa kuti makapu asanu a mphodza ndi kilogalamu imodzi? Kapu ya mamililita 250 imatenga magalamu pafupifupi 200. Supuni yaikulu ya mamililita 15 imatenga magalamu 12. Nyemba, nandolo ndi khobwe sizitalikira kwenikweni pamenepa, kungoti njere zikakula mipata nayo imakula, ndipo kulemera kumatsikako pang'ono.

Kodi mumadziwa kuti ndowa ya malita 20 si makilogalamu 20? Ikadzazidwa mofanana ndi mkombero imatenga pafupifupi makilogalamu 16 a mphodza, ndipo chigoba cha malita asanu chimatenga anayi. Choncho thumba la makilogalamu 50 limadzaza ndi ndowa zitatu ndi zotsala pang'ono. Wogula akaumirira kuti ndowa isefukire, kenaka n'kupemphanso basela, mlimi amapereka mbewu yomwe palibe wailipira. Pa ndowa imodzi zimaoneka zochepa, koma pa matumba khumi ndi ndalama yoti ikanagula feteleza.

Kodi mumadziwa kuti makapu sakhala ofanana? Mabuku ophikira ochokera ku America amagwiritsa ntchito kapu ya mamililita pafupifupi 240, yomwe imatenga magalamu 190 kapena kuposerapo pang'ono. Makapu a m'nyumba zathu ena ndi aakulu, ena aang'ono. M'boma la Chitipa, lomwe lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia, zoyezera zimachokera uku ndi uku, ndipo chitini chophwanyika kapena ndowa yofutukuka imasintha muyezo wonse.

Kodi mumadziwa kuti mphodza zikaphikidwa zimatupa kuposa kawiri? Kapu imodzi youma imatulutsa makapu awiri ndi theka ophika. Chawonjezekacho ndi madzi basi. N'chifukwa chake wophikira gulu, kaya pa ukwati kaya pa maliro, ayenera kuwerengera zouma asanaziike pamoto.

Kodi mumadziwa kuti anankafumbwe amaba kulemera koma osachepetsa ndowa? Amadya mkati mwa njere n'kusiya khungu. Ndowa imaoneka yodzaza, koma pa sikelo imapepuka. Chinyezi chimachita zosiyana: nyemba zosauma bwino zimalemera kwambiri lero, kenaka zimapepuka zikauma, mwinanso kuchita nkhungu.

Kodi mumadziwa kuti mtedza sutsata masamu a mphodza? Wosenda umalemera magalamu pafupifupi 150 pa kapu, ndipo wamakoko umapepuka kuposa apo. Mbewu iliyonse ili ndi muyezo wake.

Kodi mumadziwa kuti sikelo nayo imayezedwa? Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limatsimikiza masikelo amalonda. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa ngati sikelo ya wogula idatsimikizidwa.

Mungadziyezere nokha. Tengani kapu kapena chigoba chomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse, mudzaze mbewu youma, musalaze pamwamba, muyeze pa sikelo yodalirika, ndipo muchotsere kulemera kwa choyezeracho. Lembani nambalayo pomwe simungaiwale. Wogula akadzabwera ndi ndowa yake, mudzakambirana naye mtengo mukudziwa makilogalamu omwe mukupereka.