Kukweza galimoto sikuchotsa difu m'matope

Mvula ikayandikira, eni ma Hilux ndi ma Land Cruiser onyamula mbatatesi ku Tsangano ndi ku Angónia amayamba kufunsa za kukweza galimoto, poopa kutitimira.

Masipuling'i aatali, amene ena amati mola, amangokweza chesisi ndi bodi. Difu imatsala pomwe inali. Imakwera pokhapokha matayala akakhala aakulu.

Masentimita 5 ndi okwanira, ndipo mashoko nawo afunika aatali. Kupitirira apo, galimoto yodzaza matumba imapendekeka pokhota, paipi ya mabuleki nkumakokeka mpaka kuduka.

Zoopsa kwambiri ndi zitsulo zotchipa zopanikiza pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi sipuling'i. Zikasuntha pamtsetse, chiwongolero sichimvanso dalaivala, pomwe anthu ali pamwamba pa matumba.